Kuzimitsa nyali ya mapadi a mabuleki mukaika atsopano

Malangizo awa ndi a eni galimoto ndi amakanika a ku Zambia, makamaka a ku Chipata, Katete ndi Petauke, kumene wogulitsa zipangizo amene anandipatsa ntchitoyi amatumiza katundu wake. Ndawalembera kuno ku Mangochi kuchokera pa kapepala ka Chingerezi kamene kamakhala m'bokosi la mapadi, ndipo pamene kapepalako kangodutsa mothamanga ndaonjezapo zimene timakumana nazo m'magalaja a kuno. Za kukweza galimoto pa jeke, kuchotsa tayala ndi kumasula kalipa (chitsulo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki) sinditaya nazo nthawi. Amene wafika pofunsa za nyali ndiye kuti zimenezo wathana nazo kale.

Kapepalako kakuyamba motere. Chenjezo: mabuleki ndi mbali ya chitetezo cha galimoto. Ntchito iyi igwiridwe ndi munthu wodziwa. Mapadi asinthidwe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanzere ndi kumanja. Nyali yochenjeza isazimitsidwe ngati mapadi ndi sensa sizinasinthidwe. Wopanga sadzakhala ndi mlandu pa kuonongeka kobwera chifukwa cha kuika molakwika.

Musanagwire batani lililonse, yang'anitsitsani nyali imene yayakayo. Ya mapadi imakhala yachikasu, yozungulira, ndipo mbali zake ziwiri kuli timizere todukaduka. Ina ija yofiira, ya chizindikiro cha (!) pakati kapena ya mawu akuti BRAKE, ndi nkhani ina. Imeneyo imanena za handibuleki yokoka kapena mafuta a mabuleki ochepa. Izi ndikunena chifukwa galimoto zambiri za m'misewu yathu ndi za Toyota, monga Vitz, Corolla, Probox ndi Hiace, ndipo zambiri mwa zimenezi zilibe n'komwe waya wa sensa pa mapadi. Zili ndi kachitsulo kamene kamakhula disiki n'kumalira kuti tswii padi likatha. Pa galimoto zotere nyali yofiira imayaka chifukwa mapadi akamadyeka pisitoni imatulukira kunja, mafuta n'kuitsatira, ndipo m'kabotolo ka pansi pa boneti amatsika. Mukaika mapadi atsopano pisitoni imabwerera, mafuta amakwera, nyali imazima yokha. Palibe choti muchite reset, kutanthauza kuuza kompyuta ya galimoto kuti iyambe kuwerenga mwatsopano. Ikapitiriza kuyaka, onani kaswichi ka pa handibuleki, onani ngati penapake sipakudontha. Ikayakira limodzi ndi nyali ya batire, kayezetseni alitaneta.

Tsopano za sensa, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Ndi kamutu ka pulasitiki kakang'ono ngati nsonga ya chala, kolowetsedwa pa kampata ka padi, kawirikawiri padi la mkati, la mbali ya pisitoni. M'kati mwa kamutuko mumadutsa waya wopyapyala wopita n'kubwerera, ndipo kompyuta ya galimoto imangoyang'anira ngati magetsi akudutsamo. Padi latsopano limakhala lochindikala mamilimita 10 kapena 12. Likadyeka kufika pa mamilimita 2 kapena 3, disiki imayamba kudya kamutu kaja mpaka kudula waya. Magetsi akasiya kudutsa, nyali imayaka. Ndiye taonani: galimoto siona mapadi, imaona waya. Mutha kuika mapadi abwino kwambiri, koma mukabwezerapo sensa yakale yodukayo, kwa galimoto palibe chimene chasintha. Sensa imene yayatsapo nyali ndi yotaya basi, silumikizika.

Pa BMW zatsopanoko sensa ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba limaduka padi lisanafike kumapeto, ndipo kompyuta imagwiritsa ntchito kudukako kuwerengera makilomita otsala. Choncho sensa itha kukhala yodyeka kale ngakhale nyali isanayake. Kapepala kakuti sensa isinthidwe "ngati kuli kofunika". Ine ndikuti isintheni ulendo uliwonse mukusintha mapadi a mbali imene ili. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kukwezanso galimoto kawiri, komanso pulasitiki imene yaphikidwa ndi kutentha kwa mabuleki imathetheka mukamaizula.

BMW zambiri zili ndi masensa awiri okha, imodzi pa tayala la kutsogolo kumanzere, ina pa tayala la kumbuyo kumanja. Kumanzere kwake ndi kwa munthu amene wakhala m'galimoto atayang'ana kutsogolo. Apa ambiri amasochera chifukwa malangizo a pa intaneti ochokera ku America amati "mbali ya dalaivala", pamene kwawoko chiwongolero chili kumanzere. Kwathu kuno ndi ku Zambia chiwongolero chili kumanja, ndiye sensa ya kutsogolo ili mbali ya wokwera. Tayala limenelinso ndi limene limatsika pa phula mukamapatukira lole, n'kumadya miyala ndi mchenga wa m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake waya wa sensa yatsopano muyenera kumudutsitsa m'timapini take tonse monga anadutsira wakale. Mukasiya kamodzi kokha, waya amalendewera, amakhula rimu kapena kukokeka pokhota, ndipo nyali ibweranso mapadi akadali atsopano. Pulagi yake imakhala m'kabokosi kakuda kumtunda kwa tayala, moyandikana ndi pulagi ya ABS, dongosolo loletsa matayala kuuma poponda buleki. Musazule ya ABS. Kankhani pulagi mpaka mumve kuti yagwira, ndipo mutseke kabokosiko.

Kazimitsidwe kake kamasiyana ndi mtundu wa galimoto. Pa Mercedes-Benz, Volkswagen ndi Audi zambiri palibe chochita: lumikizani sensa yatsopano, zimitsani kiyi, yatsaninso, nyali yapita.

Pa BMW zakale za kiyi yopotokola, monga 3 Series ya E46 ndi 5 Series ya E39, potokolani kiyi kufika pa malo achiwiri, pamene nyali zonse za pa dashibodi zimayaka koma injini isanalire. Isiyeni pomwepo masekondi 30 kapena kupitirira pang'ono. Musaponde kanthu, musalize injini. Nyali idzazima inu mukuona. Anthu ambiri amalephera pano chifukwa cha phuma chabe, dzanja linazolowera kupotokola mpaka injini italira.

Zovutirapo ndi za m'badwo wotsatira, monga E90 imene inatuluka mu 2005, 1 Series ya E87, ndi F30 imene inabwera pambuyo pake. Zimenezi zili ndi dongosolo lotchedwa CBS, limene limasunga kuti chinthu chilichonse chatsala ndi makilomita angati: oyilo, mapadi a kutsogolo, mapadi a kumbuyo, mafuta a mabuleki. Kuchita reset ndi kuuza dongosololi kuti liyambe kuwerenga mwatsopano. Tsekani zitseko zonse. Onetsetsani kuti tsiku ndi nthawi pa dashibodi n'zolondola, chifukwa zikasokonekera dongosololi limakana. Dinizani batani la START osaponda buleki kapena kilachi, kuti dashibodi iyake injini ili chete. Pa E90 kiyi ikhale italowetsedwa m'malo mwake. Kenako gwirani kabatani kaja kobwezera makilomita a ulendo pa 0, ndipo musakasiye kwa masekondi pafupifupi 10, mpaka pa sikirini yaing'ono pabwere chithunzi cha sevisi.

Apa fufuzani chithunzi cha mabuleki a kutsogolo kapena a kumbuyo. Pa E90 mumayendetsa zithunzi ndi kaswichi ka pa ndodo ya indiketa, ndipo mukafika pa chimene mukufuna mumadiniza batani la BC la kunsonga kwa ndodoyo. Pakatuluka mawu akuti RESET, ligwireninso osasiya mpaka patabwera nambala yatsopano ya makilomita. Pa F30 zonse zimachitikira pa kabatani kamodzi komweko: kudiniza pang'ono kumasintha chithunzi, kugwira nthawi yaitali kumasankha, ndipo galimoto ikafunsa ngati mukufunadi reset mumagwiranso kachiwiri. Galimoto zina zochokera ku Japan zimalemba mauthenga m'Chijapani, koma zithunzi ndi zomwezo, tsatani zithunzi. Chitani reset mbali yokhayo imene mwasintha. Mukafufuta ya kumbuyo pamene mwangosintha kutsogolo, galimoto idzayesa kuti kumbuyo kuli mapadi atsopano ndipo makilomita amene izikuonetsani adzakhala abodza.

Kapepala kakungoti reset ikalephera pitani kwa wogulitsa wovomerezeka. Kwa munthu wa ku Katete kapena kuno ku Mangochi mawu amenewo akutanthauza ulendo wa tsiku lathunthu, choncho yambani ndi zapafupi. Choyamba, mwasinthadi sensa, ndipo mwasintha ya mbali yoyenera? Nthawi zambiri munthu amasintha ya kutsogolo pamene yoduka ndi ya kumbuyo. Chachiwiri, zulani pulagi muone m'kati. Mukapezamo zobiriwira pa timano take, ndi madzi amene analowa, kaya m'nyengo ya mvula, kaya potsuka ndi paipi ya mphamvu. Pukutani, umitsani, bwezerani. Chachitatu, ikani mita yoyezera magetsi pa timano tiwiri ta sensa yatsopanoyo. Ngati mita sikuonetsa kuti magetsi akudutsa, mwagula yakufa. Masensa ena otchipa amalowa bwinobwino pa pulagi koma m'kati mwake si a galimoto imeneyo, ndipo kompyuta imawakana. Pogula perekani nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17, ndipo munene ngati ndi ya kutsogolo kapena ya kumbuyo, pakuti mawaya ake amasiyana kutalika.

Kuchotsa waya wa batire sikuzimitsa nyali imeneyi pa galimoto za CBS. Zimene mungapindule ndi kutaya tsiku ndi nthawi, n'kuonjezera vuto lina pa limene munali nalo. Zonsezi zikakanika, ikani galimoto pa kompyuta. Pulagi ya OBD, ya mabowo 16, ili pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, pafupi ndi bondo. Timakina totchipa tambiri timangowerenga za injini, sitifika ku mabuleki, ndiye funsani wamagetsi ngati makina ake amalowa m'dongosolo la sevisi musanamulipire.

Pali njira ina imene kapepala sikaitchula koma aliyense pa galaja amaidziwa: kudula waya wa sensa, kupota nsonga ziwirizo pamodzi n'kukulunga ndi tepi yakuda. Nyali imazimadi, ndipo siidzayakanso mpaka kalekale. Ena amachita zimenezi pofuna kugulitsa galimoto, ena pofuna kuti dashibodi ioneke yoyera popita kukayezetsa ku RTSA, bungwe la boma la Zambia loona za magalimoto pa msewu. Inabwerapo BMW ina pa galaja ya mnzanga itatsika mapiri a ku Namwera, msewu wokhotakhota uja wochokera ku Chiponde, ikununkha chitsulo chopsa. Titachotsa tayala la kumanzere tinapeza padi la mkati latha mpaka chitsulo chake chikukhula disiki, disikiyo itachita mizere yozama yoti chikhadabo chimakodwamo, m'mphepete mwake mwasanduka mwa buluu. Kuseri kwa shoko kunali kamfundo ka tepi yakuda kodzaza fumbi lofiira. Mwini wake anagula galimotoyo ili choncho ndipo ankadikira nyali kuti imuuze. Padi la kunja, limene limaoneka ukasuzumira pa rimu, linali likadali ndi nyama, n'chifukwa chake sanakayike kanthu. Analipira madisiki awiri pamwamba pa mapadi. Inu oyenda pa Great East Road mukudziwa mmene mapiri a Manenekela amadyera mabuleki. Mukagula galimoto yakale, tsatirani waya wa sensa ndi dzanja kuchokera pa padi mpaka pa pulagi, muone ngati palibe anapotapo.

Galimoto za handibuleki ya batani zili ndi kamota pa kalipa ya kumbuyo. Pisitoni yake isakankhidwe ndi mphamvu. Kamotako kayambe kabwezedwa ndi kompyuta, kapena ndi njira ya sevisi imene buku la galimotoyo likunena, ndipo ntchito ikatha dongosololo libwezedwe m'malo mwake. Mukaiwala kulibwezera, nyali ya handibuleki idzayaka ndipo mudzayesa kuti ndi ya mapadi.

Nyali ikazima musathamangire kulowa mumsewu. Galimoto ili chiimire, pondani buleki kangapo mpaka italimba pansi pa phazi. Ulendo woyamba imapita pansi yopanda kanthu chifukwa pisitoni ikadali kutali ndi mapadi, ndipo ambiri agunda chipupa cha galaja pobwerera m'mbuyo ataiwala zimenezi. Kenako onani mafuta a mabuleki kuti ali pakati pa MIN ndi MAX. Ngati wina anathiramo pamene mapadi anali otha, tsopano adzakhala atasefukira. Chotsaniko ndi jekeseni yoyera, ndipo otayikira pa penti muwatsuke ndi madzi msanga chifukwa amasupula. Mtundu wa mafutawo walembedwa pa chivundikiro cha kabotolo, pa galimoto zambiri za ku Ulaya ndi DOT 4. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi, ndiye opanga ambiri amati asinthidwe pa zaka 2 zilizonse. Botolo limene lakhala lotsegula pa shelefu chilimwe chonse musaligwiritse ntchito.

Yesani galimoto pa msewu wopanda anthu, pang'onopang'ono, mukuponda buleki mofatsa kangapo. Pa makilomita 200 oyambirira pewani kuponda mwadzidzidzi pokhapokha pa ngozi, kuti mapadi akhazikike pa disiki. Nyali ikabweranso m'masiku oyambirirawa, makamaka pokhota kapena podutsa pa mabampu, vuto si mapadi. Kwezani galimoto, potokolani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muone pamene waya akukokeka kapena kukhula, ndipo mumubwezere m'kapini kake.