Agogo akagwa n'kulephera kuponda, musathowe

Mvula ikayamba, m'bafa mumamera ndere ndipo kanjira ka kuchimbudzi kamasanduka matope. Nthawi imeneyi ndi yomwe ife alangizi a zaumoyo timamva kawirikawiri kuti agogo anaterereka usiku potuluka panja. Achibale amawanyamula, kuwagoneka pamphasa, kuphitsa madzi n'kuyamba kuwathowa. Ena amakaitana wotema mphini. Sabata imatha, yachiwiri nayo, agogo ali chigonere, anthu akungoti "abinya, zitha zokha."

Choyamba, yang'anani mwendo. Ngati ukuoneka waufupi kusiyana ndi unzake, phazi lagwera kunja, ndipo agogo akumva kuwawa m'mphechepeche moti sangaponde, dziwani kuti mwina fupa la ntchafu lathyoka pamene limalowa m'chiuno. Ena amathabe kutsimphina ngakhale fupa litang'aluka, choncho musadzinamize kuti poti aponda pang'ono ndiye kuti ali bwino.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri ndi opitirira zaka 60. Pa okalamba othyoka m'chiuno, mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse amamwalira chaka chisanathe. Chimene chimawatenga nthawi zambiri ndi kugona. Munthu wamkulu akakhala chigonere, mapapo satambasuka bwino ndipo chibayo chimalowa. Pamatako ndi pazidendene pamabuka zilonda zovuta kupola. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, minofu imafota, ndipo ena amayamba kusokonezeka mutu. Apa ndi pamene pamudzi pamayambira manong'onong'o a ufiti, pomwe vuto ndi fupa lomwe silinajambulidwe.

Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Musawakhazike pa kabaza. Agonekeni pachitseko kapena pamachira, ikani nsalu yopinda pakati pa miyendo n'kumanga miyendo iwiriyo pamodzi ndi chitenje, osakoka kapena kuwongola mwendowo. Kuchipatala cha boma adzawajambula. Ena amawamangirira cholemera chokoka mwendo kwa masabata angapo, ena amawatumiza ku opaleshoni kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Madokotala amafuna opaleshoni yotere ichitike m'masiku awiri oyambirira ngati n'kotheka, n'chifukwa chake masabata othowa aja amandidandaulitsa kwambiri.

Akabwerera kunyumba ntchito ndi yanu. Atembenuzeni maola awiri aliwonse, pogona pakhale pouma, ndipo muziyang'ana khungu la kumsana tsiku ndi tsiku. Akhazikeni tsonga podya. Achipatala akangolola kuti ayambe kuyenda, ayendetseni ndi ndodo ngakhale akane. Ambiri amaopa kugwanso, koma chifundo chowasiya agone chimangowafoola miyendo.

Mafupa a okalamba amapepuka, makamaka a amayi omwe anasiya kusamba, moti kugwa kochoka pakhonde pokha kumatha kuthyola chiuno, mkono kapena msana. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, bonongwe, nkhwani ndi mkaka zimathandiza, komanso kuothera dzuwa ndi kuyendayenda.

Ndipo madzulo ano tayenderani pakhomo panu. Palani ndere m'bafa, zikanimo mtengo wolimba woti azigwira, ndipo ikanimo kampando kosambirapo. Lambulani njira ya kuchimbudzi, chotsani mitondo, makasu ndi nkhuni zomwe ana amasiya pabwalo. Tochi izikhala kumutu kwa agogo, ndi kachidebe kokodzeramo usiku. Patapata wothetheka mutayeni. Ngati maso ali ndi ng'ala, kuchipatala amachotsa. Amene amamwa mankhwala a BP n'kumamva chizungulire podzuka, aziyamba akhala kaye pansi pang'ono asanaimirire, ndipo akawauze achipatala pa tsiku lokatenga mankhwala.