Mukapita ku Rome, yendani chonchi

Chinthu choyamba abale, musayese kuona zonse tsiku limodzi, mungotopa miyendo nkutupa koma osakumbuka kanthu. Gawani masiku awiri, loyamba mbali ya Colosseum, bwalo lalikulu lamasewera la Aroma akale, lachiwiri ku Vatican.

Tikiti ya Colosseum muguliretu pa intaneti pawebusayiti yawo yeniyeni, osati kwa anthu ongoima panja aja, ndipo poti pamalembedwa dzina lanu pasipoti ikhale mthumba. Tikiti yomweyo ikulowetsaninso ku Roman Forum ndi Palatine Hill. Kwerani metro B, sitima yapansi panthaka, mutsike pa Colosseo mmamawa dzuwa lisanakwere chifukwa ku Forum mthunzi ndiwosowa zedi. Bwalo la Colosseum lija linatsegulidwa mu 80 AD nthawi ya mfumu Titus, koma ine ndimati nthawi yambiri muithere ku Forum, kumene kunali misika, makhoti ndi akachisi, mumayenda pamiyala yomwe ankapondapo anthu aja.

Mukatuluka pitani wapansi ku Pantheon, kachisi wakale wa Aroma, apa ndiye pamene mtima wanga umaima. Inamangidwa nthawi ya mfumu Hadrian cha m'ma 126 AD, denga lake lozungulira la konkire ndi mamita 43 mulifupi ndipo mulibe zitsulo mkatimo, pamwamba pakati pali chibowo chotseguka moti mvula ikamagwa imalowa ndithu nkutsikira mtimabowo tapansi. Musangojambula nkutuluka ayi, khalani kaye pabenchi muone kuwala kwa dzuwa kukuyenda pakhoma. Manda a Raphael, katswiri wojambula zithunzi, ali momwemo. Kuyambira 2023 amalipiritsa polowa, ndipo ndi tchalitchi, phokoso sapanga.

Trevi Fountain, kasupe wokongoletsedwa ndi ziboliboli, ili pafupi, inatha kumangidwa mu 1762, masana pamadzaza anthu ndiye bola mmamawa kapena usiku. Pa Spanish Steps musakhale pansi, amalipitsa faindi.

Tsiku la Vatican valani zobisa mapewa ndi mawondo, apo ayi akubwezani pakhomo la tchalitchi cha St Peter's. Ma museum a ku Vatican Lamlungu satsegula kupatula Lamlungu lomaliza pamwezi, lomwe kulowa ndi ulere koma mzere wake si masewera.

Nsapato zikhale zafulati chifukwa timiyala takuda tamumsewu timaterera kukagwa mvula. Tengani botolo muzitunga pa mipopi yamumsewu yotchedwa nasoni, madzi ake ndi abwino kumwa komanso ozizira. Mu basi ndi mu metro chikwama chizikhala kutsogolo, opisa mthumba alipo.