Kodi ndi bwino kulipira inshuwalansi ya paipi yolowetsa madzi m'nyumba?

Paipi imene imachoka pa paipi yaikulu ya mumsewu n'kudzalowa m'nyumba mwanu nthawi zambiri imakhala ndi eni ake awiri. Mbali ya kumsewu ndi ya kampani ya madzi. Kuyambira pamalire a poloti yanu, kapena pa mita, mpaka pakhoma la nyumba, m'madera ambiri a ku Britain ndi ku America mbali imeneyo ndi yanu, ndipo ikaphulika wolipira okumba ndi inuyo. Inshuwalansi wamba ya nyumba nthawi zambiri siilipira paipi yowonongeka chifukwa cha kukalamba kapena dzimbiri. N'chifukwa chake makampani monga HomeServe amagulitsa chitetezo chapadera cholipira mwezi ndi mwezi. Kuti mudziwe ngati chikukuyenerani, musayang'ane kalata yotsatsa malonda, yang'anani paipi yanuyo.

Yambani ndi kufunsa kampani ya madzi kuti udindo wawo umathera pati, chifukwa malamulo amasiyana mzinda ndi mzinda. Funsaninso ngati amathandiza paipi ikadontha: ena amakonza ulendo woyamba kwaulere kapena kulipirako gawo lina.

Kenako pitani pamene paipi imatulukira m'nyumba, pafupi ndi valavu yotsekera madzi onse, mutatenga kiyi ndi maginito. Kandani paipiyo pang'ono ndi kiyi. Ikaoneka yofiirira, ndi ya mkuwa, ndipo mkuwa ukhoza kupitirira zaka 50 ngati dothi ndi madzi zilibe asidi wambiri. Ikakhala yotuwa ndipo maginito akumata, ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Imeneyi imachita dzimbiri kuyambira m'kati, njira ya madzi imachepa, mphamvu ya madzi pampope imatsika, kenako imabowoka polumikizira; ikadutsa zaka 40 muziiyang'anira. Ikakhala yofewa, yowala ngati siliva pamene mwakandapo, maginito osamata, ndi mtovu. Ku America mapaipi a mtovu analetsedwa mu 1986, ndipo ku Britain amapezeka kwambiri m'nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1970. Vuto la mtovu ndi poizoni m'madzi akumwa, makamaka kwa ana, ndipo njira yothetsera vutoli ndi kusintha paipi yonse. Musayembekezere kuti inshuwalansi yokonza pobowoka ingathetse zimenezo. Pali pulasitiki ina yotchedwa polybutylene, yotuwa kapena yabuluu, nthawi zina yolembedwa PB2110, imene inaikidwa m'nyumba zambiri pakati pa 1978 ndi 1995. Klorini wa m'madzi amaifooketsa mpaka imang'aluka. Werengani bwino mgwirizano, chifukwa makampani ena a inshuwalansi saiphatikiza.

Mtengo wokonza umadalira kwambiri zimene zili pamwamba pa paipi, osati paipiyo. Yezani mtunda kuchokera pa mita kukafika pakhoma. Paipi ya mamita 5 pansi pa kapinga ndi ntchito yaing'ono. Ya mamita 40 yodutsa pansi pa konkire yoimikapo galimoto ndi nkhani ina, chifukwa pali kuswa, kukumba ndi kuwakanso. Kumadera ozizira kwambiri paipi imakwiriridwa mozama kuti madzi asaundane, ndiye ngalande yake imadula. Mizu ya mitengo ikuluikulu yapafupi, dothi la makande limene limafufuma ndi kung'ambika, komanso magalimoto olemera odutsa pamwamba, zonsezi zimakankha paipi. Itanani pulambala akuuzeni mitengo iwiri: wokonza pobowoka pokha, ndi wosintha paipi yonse. Mufunsenso ngati angalowetse paipi yatsopano ndi makina oboola pansi popanda kukumba ngalande yonse.

Mukapeza mitengoyo, werengerani. Tiyerekeze kuti chitetezo ndi madola 8 pamwezi. Pachaka ndi madola 96, pa zaka 10 ndi madola 960. Ngati pulambala wati ntchito yonse ingadye madola 3,000, ndiye kuti mukupindula pokhapokha mpata woti paipi iwonongeke m'zaka 10 zimenezo ukufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Paipi yamkuwa kapena yapulasitiki yamakono ya zaka 15 siifika pamenepo, ndipo ndalamazo ndi bwino kuzisunga nokha. Koma paipi yachitsulo ya zaka 60, pamsewu pamene aneba ayamba kale kukumba zawo, imafikapo. Palinso funso limene masamu sayankha: kodi madola 3,000 mungawapeze sabata ino madzi atasiya kutuluka? Ngati simungathe, kulipira pang'onopang'ono kuli ndi nzeru ngakhale masamu asakukomereni kwenikweni.

Musanasaine, werengani mgwirizano wonse, chifukwa anthu ambiri amakhumudwira pamenepa. Kawirikawiri pamakhala masiku 30 odikira chitetezo chisanayambe, ndipo kudontha kumene kunalipo kale sikulipiridwa. Onani malire a ndalama pa ntchito imodzi ndi pachaka: malire akakhala madola 2,000 pamene ntchito ndi 3,000, otsalawo ndi anu. Onani ngati adzabwezeretsa konkire, mpanda ndi kapinga, kapena adzangokwirira dothi n'kumapita. Onani ngati angasinthe paipi yonse ikaola kapena adzingomata pamene pabowoka. Paipi ya zimbudzi ndi mapaipi a m'kati mwa nyumba nthawi zambiri amagulitsidwa padera. Funsaninso mtengo wa chaka chachiwiri, popeza wa chaka choyamba umakhala wokopa, ndiponso kuti amasankha pulambala ndani, nanga amafika patapita maola angati.

Imbiraninso kampani imene inateteza nyumba yanu. Ambiri amalola kuwonjezera mapaipi apansi pa inshuwalansi imene muli nayo kale, nthawi zina pamtengo wotsikirapo, ngakhale pamakhala ndalama yoyamba imene mumalipira nokha pa ntchito iliyonse.

Pomaliza yesani ngati paipi siikudontha kale. Tsekani valavu yaikulu ya pakhoma, lembani manambala a pa mita, dikirani maola awiri, muwerengenso. Manambala akasuntha, madzi akutayikira pansi pakati pa mita ndi nyumba. Pamenepo itanani pulambala msanga ndipo dziwitsani kampani ya madzi, chifukwa inshuwalansi yogula lero siidzalipira bowo la dzulo.