Tayala lomwe linkaphwa nditapentetsa malimu a njinga yamoto

Nditapentetsa malimu a njinga yanga yamoto ndi penti ya ufa, ija amaiwaza kenako n'kuiwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200, tayala lakutsogolo, lomwe ndi lopanda chubu, linayamba kuphwa pang'onopang'ono moti ndinkalipopa m'mawa uliwonse. Tsiku lina linaphweratu ndili panjira. Ndinafufuza msomali koma sindinaupeze, ndipo kusintha kachitsulo ka m'kati mwa valavu sikunathandize.

Chimene chinaulula vutoli ndi madzi a sopo. Nditalipopa tayalalo, ndinapaka madziwo m'mphepete monse mwa limu, ndipo thovu linayamba kutuluka pamalo amodzi pomwe mlomo wa tayala umakhala. Nditalichotsa, ndinapeza kuti penti inaunjikana pamenepo n'kupanga timatuza tokhakhala timene chala chinkatimva bwinobwino ngakhale kuti maso sankationa. Ndinatipala ndi sandipepa wa nambala 400 wonyowetsa, mosamala kuti ndisafike pachitsulo, mpaka pamalopo panasalala. Kenako ndinapukuta limu, ndinaika valavu yatsopano, ndinapaka sopo pamlomo wa tayala n'kulipopa mpaka linakhazikika ndi kaphokoso kake kaja.

Ndalama zinangopita pa sandipepa ndi valavuyo basi, ndipo papita milungu itatu tsopano ndisanagwirenso pampu.