Musanawotche njerwa: kukonza utsogoleri wa sukulu yatsopano ya Chikhristu yoyima payokha

Anthu ambiri ofuna kutsegula sukulu ya Chikhristu amayambira ku njerwa. Agula malo, awotcha uvuni, asoketsa yunifolomu, alemba vesi pachikwangwani cha kumsewu, ndipo funso loti sukuluyo adzaiyendetsa ndani amati adzaliona Sepitembala akayandikira. Ine ndakalambira m'kalasi ndi mu ofesi ya hedi, ndipo chipumireni ntchito ndakhala ndikuitanidwa m'mabodi a sukulu za pulayiveti. Langizo langa nlakuti muyambe ndi anthu ndi mapepala, njerwa zibwere pambuyo. Khoma likapindika mmisiri amaligwetsa n'kumanganso sabata yomweyo, koma ulamuliro ukayamba mokhota umatenga zaka kuti uwongoke, ndipo ovutika amakhala ana a eni.

Sukulu za mishoni zomwe timazisirira zili ndi chinthu chomwe inu mulibe. Za Sinodi ya Blantyre, ya Nkhoma, ya Livingstonia, komanso za madayosizi a Katolika ndi Anglican, zili ndi ofesi ya maphunziro ya mpingo pamwamba pake. Hedi akasokoneza pali omuitanitsa, ndalama zikasowa pali ofunsa, ndipo m'busa akasamutsidwa sukulu imatsala pomwepo. Sukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) ku Blantyre yadutsa m'manja mwa atsogoleri ambirimbiri chifukwa mwini wake ndi mpingo, osati munthu. Sukulu yoyima payokha ilibe ambulera imeneyo. Muyenera kudzipangira nokha, ndipo dzina lake ndi bodi.

Choyamba, sukuluyo ikhale ndi dzina lakelake pamaso pa malamulo. Njira zodziwika ndi ziwiri, zonse kudzera ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi mabungwe: kulembetsa matrasti (anthu osunga katundu m'malo mwa sukulu) pansi pa Trustees Incorporation Act, kapena kutsegula kampani pansi pa Companies Act ya 2013. Ngati cholinga chanu ndi utumiki osati kugawana phindu, uzani loya wanu zimenezo poyambirira kuti akusankhireni mtundu woyenera. Mukatero, lizi ya malo ndi akaunti ya kubanki zikhale m'dzina limenelo. Apa ndi pomwe oyambitsa ambiri amakakamira, amati malowo ndinagula ndi ndalama zanga. Palibe akukana. Ngati simukufuna kupereka malowo, lembani mgwirizano wa lendi wa zaka zambiri pakati pa inu ndi sukulu, mtengo wake udziwike ndi bodi yonse. Chosayenera ndi kusiya nkhaniyo m'malere, chifukwa tsiku lomwe Ambuye adzakuitaneni, abale adzabwera ndi loko wawo pageti ana ali m'kalasi.

Kenako kalembera wa ku Unduna wa Zamaphunziro. Lamulo la maphunziro la 2013 silola sukulu kuyamba kuphunzitsa isanalembetsedwe, ndipo oyendera sukulu amadzaona zipinda, zimbudzi, madzi, labotale ngati ndi sekondale, komanso mapepala a aphunzitsi. Nambala ya senta ya mayeso ku MANEB ndi nkhani ina payokha, iyambeni msanga. Musalembe ana mukudalira kuti mudzakawalembetsera mayeso pasukulu ya mnzanu.

Tsopano mipando itatu, yomwe ndi mtima wa nkhani yonseyi. Pali mwini kapena woyambitsa, pali bodi, pali mphunzitsi wamkulu. Munthu mmodzi asagwire yekha mphamvu za mipando iwiri. Woyambitsa amasunga masomphenya ndipo akhoza kukhala membala wa bodi, koma ndimalangiza kuti asakhale wapampando. Bodi imalemba ntchito hedi, imavomereza bajeti ndi fizi, imakhazikitsa malamulo, ndipo imafunsa mafunso. Hedi amayendetsa sukulu tsiku ndi tsiku. Mzere wa pakati pa bodi ndi hedi ndi womwe umaphwanyidwa kawirikawiri, ndiye ndiupereke m'zitsanzo. Bodi ikhoza kulamula kuti mwana wosamaliza fizi pofika pakati pa teremu achite zakutizakuti; koma wapampando sangaimbire hedi foni kuti mwana wa mkulu wa mpingo uja mumusiye. Bodi ivomereze kuti pakufunika mphunzitsi wa Physics. Koma amene akudziwa ngati munthuyo amatha kuphunzitsa ndi hedi. Membala wa bodi akafika pasukulu Lachitatu m'mawa n'kuyamba kukalipira alonda, walakwa, ngakhale alondawo atakhala kuti anagonadi. Mphamvu za bodi zili mumsonkhano basi. Kunja kwa msonkhano membala aliyense ndi mlendo wolemekezeka, asaine buku la alendo ngati wina aliyense.

M'bodimo muikemo yani? Anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi anayi akwanira, nambala yosagawika pakati kuti voti isamathere m'mwamba. Mufunika munthu amene anayendetsapo sukulu, monga hedi wopuma kapena PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) wakale, wodziwa kuwerengera ndalama amene saopa kunena kuti risiti iyi ndi yabodza, wodziwa malamulo a ntchito, m'busa wokhwima, ndi kholo losankhidwa ndi makolo anzake, osati lolozedwa ndi chala cha woyambitsa. Amayi asachepere atatu, makamaka ngati muli ndi atsikana ogonera konko, chifukwa pali nkhani zomwe mtsikana sangauze bambo wovala jekete. Mwamuna ndi mkazi wake asakhalire limodzi m'bodi. Ndipo pewani kudzaza bodi ndi mayina akuluakulu ongokometsera kalata. Bwana wa ku Lilongwe amene sabwera kumisonkhano aposedwa ndi nesi wa pachipatala chapafupi amene amafika nthawi yake atawerenga mapepala. Ikani malire a zaka zitatu, zowonjezereka kamodzi kokha, ndipo asamatuluke onse chaka chimodzi.

Zonsezi zilembedwe m'malamulo a bodi, pamodzi ndi chiwerengero chofunika kuti msonkhano uchitike ndi momwe membala angachotsedwere. Muonjezere lamulo loti amene ali ndi phindu pankhani ina aulule ndi kutuluka panja ikamakambidwa. Membala amene amagulitsa nyemba ndi mgaiwa asavotere nawo za kogula chakudya cha ana.

Pa kusankha hedi ndichedwepo. Sukulu yatsopano si malo ophunzirirapo uhedi. Kusukulu yakale hedi watsopano amapeza taimutebulo, mabuku a malekodi, aphunzitsi odziwa mwambo wa pamalopo. Akalephera, sukulu imamunyamula. Kwa inu kulibe chomunyamula, zonse ayamba ndi iye. Choncho funani munthu amene anakhalapo hedi kapena wachiwiri wake kwa zaka zingapo, amene anaonapo kalasi kuchoka Fomu 1 mpaka MSCE kapena Sitandade 1 mpaka PSLCE, ndipo ali ndi chiphaso cha Teachers Council of Malawi. Mulembeni ntchito miyezi isanu ndi umodzi sukulu isanatsegulidwe. Malipiro a miyezi imeneyo amaoneka ngati ndalama yotaya, koma ndi nthawi yomwe iye amasankha aphunzitsi, kuitanitsa silabasi ndi mabuku ovomerezeka a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kulemba malamulo a ana, ndi kuyenda nawo kumaofesi a zamaphunziro.

Pa intavyu musamufunse kokha kuti anabadwa mwatsopano liti. Funsani zimenezo, inde, popeza ndi sukulu ya Chikhristu, koma wodziwa kulankhula chitchalitchi amadutsa funsolo mosavuta. Mufunseni kuti anathana naye bwanji mphunzitsi amene sankalemba masikimu (mapulani a zomwe aphunzitse pa teremu). Mufunseni chomwe angachite mtsikana wa Fomu 2 atamuuza kuti mphunzitsi wina akumufunsira. Mupatseni zotsatira za mayeso za sukulu yongopeka kuti akuuzeni vuto lili pati. Mumuike m'kalasi aphunzitse mphindi 40 inu mutakhala kumbuyo. Mukatero imbirani foni komwe anachokera, osati kwa anthu omwe iye wawalemba okha, komanso kwa wina amene ankagwira ntchito pansi pake. Kalata ya abusa ndi yabwino, koma abusa amamuona Lamulungu lokha.

Mukamupeza, mpatseni kontirakiti yolembedwa, zolinga zoti akwaniritse pachaka, ndi ufulu wogwira ntchito. Hedi wodziwa ntchito sakhalitsa pomwe ayenera kupempha chilolezo kuti agule choko.

Za ndalama, lamulo ndi limodzi: fizi isadutse m'thumba la munthu. Makolo alipire kubanki kapena pa nambala ya sukulu ya Airtel Money kapena Mpamba, osati pafoni ya bursar (wosunga ndalama za sukulu), ndipo abweretse umboni kuti apatsidwe risiti. Ndalama zituluke ndi masiginecha awiri mwa atatu, ndipo awiriwo asakhale apachibale. Wolandira ndalama asakhale yemweyo woyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki. Ena amakhumudwa, amati kodi simukutikhulupirira ife ana a Mulungu? Ine ndimayankha kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndiye chikondi ndi kusamangirira m'bale wako pafupi ndi chimanga. Woyambitsa nayenso ngati akugwira ntchito pasukulupo alandire malipiro odziwika, asamatume mwana ku ofesi kuti akatenge ya mafuta a galimoto.

Bajeti muipange ndi ana ochepa kuposa omwe mukuyembekezera, ndipo muwerengere kuti ena sadzamaliza kulipira. Musaiwale zomwe boma limafuna kwa olemba anthu ntchito: msonkho wa PAYE ku MRA mwezi ndi mwezi, penshoni yomwe sukulu imaika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, ndi levi ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Kudula ndalama ya penshoni kwa mphunzitsi osaipereka komwe ikuyenera ndi kuba, ngakhale mutayamba tsiku ndi pemphero. Sungani padera malipiro a miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa aphunzitsi amadya ndi m'tchuthi momwe pamene fizi sikulowa. Amene anali m'mabodi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti pakati pa teremu, akudziwa chomwe ndikunena: fizi inali italengezedwa kale, koma mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi mapepala inakwera osadikira teremu ina. Chaka chikatha, mabuku aonedwe ndi oditala wakunja, lipoti lake liwerengedwe m'bodi.

Nanga Chikhristu cha sukuluyo chitetezedwa bwanji? Chilembedwe. Tsamba limodzi lonena zomwe mumakhulupirira, lomwe mamembala a bodi ndi hedi asaine, ndipo lisasinthidwe ndi voti wamba. Kenako bodi igwirizane msanga pa mafunso ovuta. Kodi mulandira ana a zipembedzo zina? Ngati inde, mapemphero a m'mawa ndi phunziro la Bible Knowledge ndi zokakamiza? Mwana wa Seventh Day achita bwanji ndi makalasi a Loweruka? Za kavalidwe mwati bwanji? Mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma unafika potsekesa sukulu zina kuchigawo cha kummawa, mpaka bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi mbali zonse n'kusainirana mgwirizano mu 2021. Inu musadikire kuti kholo lidzafike pageti ndi funso limenelo. Yankho lanu, lililonse lomwe mwasankha mogwirizana ndi malamulo a dziko, likhale pafomu yolembetsera kuti kholo lisaine likudziwa.

Pali chiyeso china chomwe chimagwera sukulu za Chikhristu kuposa zina: kubisa tchimo poteteza mbiri. Mphunzitsi akachita zachipongwe ndi mwana, mumamva akuti tiyeni tingomupempherera, achoke mwakachetechete. Amachokadi, n'kukapezeka pasukulu ina. Chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo tili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Nkhani yotere ndi ya kupolisi ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, osati ya m'vestile. Bodi isankhe membala mmodzi woyang'anira chitetezo cha ana, amene mwana kapena matironi angamufikire popanda kudzera kwa hedi. Chikwapunso chichoke, Unduna unaletsa. Ndipo mukafuna kuchotsa wantchito aliyense, mpatseni chifukwa cholembedwa ndi mwayi woti adziyankhire, apo ayi mukakumana naye ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court ndipo mukalipira ndalama zomwe zikanamanga laibulale.

Misonkhano ya bodi ikhale kamodzi pa teremu, koma chaka choyamba muzikumana mwezi uliwonse. Mapepala afike kwa mamembala kutatsala sabata. Lipoti la hedi lizikhala ndi zinthu zomwezo nthawi zonse kuti muzitha kuyerekeza: ana alipo angati, achoka angati ndipo chifukwa chiyani, fizi yalowa ingati, ngongole ndi zingati, aphunzitsi ajomba kangati, silabasi yafika pati, milandu ya mwambo ndi ingati. Mlembi alembe zomwe mwagwirizana, wochita ndani, pofika liti, ndipo msonkhano wotsatira uyambire pamenepo. Kamodzi pachaka hedi atuluke m'chipinda kuti bodi ikambirane za kagwiridwe kake ka ntchito, kenako wapampando ndi membala wina akamuuze maso ndi maso, zabwino ndi zofunika kukonza. Pamsonkhano womwewo funsaninso kuti hedi atadwala mawa, makiyi, mapasiwedi a kompyuta ndi siginecha ya kubanki zigwera kwa yani, ndipo dzina la munthuyo lilowe m'maminitsi.