Panti wovala mkati mwa leggings kuno kuchigwa

Amayi anzanga, ndi inu atsikana amene mwayamba kuthamanga m'mawa kapena kusewera ntchemberembaye, nkhani iyi timaikamba monong'ona, koma imatikhudza tonse. Ambiri akamandifunsa za panti wovala mkati mwa leggings, nkhawa yawo imakhala imodzi: mzere wa panti usaoneke kumbuyo. Ndifikapo pamenepo. Koma kuno ku Chigwa cha Shire choyamba kuganizira ndi thukuta. Mu Okutobala ndi Novembala, kuyambira ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale mudzuke 5 koloko m'mawa, pofika pabwalo mumakhala mutanyowa kale. Malangizo ambiri a pa intaneti ndi a anthu ochitira masewera m'nyumba zozizira. Ine ndimaphunzitsa amayi mpira wamanja pabwalo lafumbi, ndiye ndikuuzani zimene zimathandiza kuno.

Tinakula tikuuzidwa kuti panti wabwino ndi wakotoni. Pa tsiku wamba, mkati mwa siketi kapena chitenje, zimenezo ndi zoona ndithu, ndipo thonjelo timalima tokha kuno. Vuto la kotoni ndi loti amamwa thukuta n'kulisunga. Mkati mwa leggings yothina, momwe mphepo siifika, panti wakotoni amanyowa, amalemera, kenako amayamba kupindika m'mphechepeche. Nsalu yonyowa ikamakwecha khungu pamene mukuthamanga, khungu limasupuka, ndipo mchere wa thukuta ukalowa pamenepo mumayenda motang'adza mpaka mawa lake. Ngati mukungoyenda pang'ono dzuwa lisanatuluke, wakotoni wopyapyala akhoza kukwanira. Ngati mukudumpha ndi kuthamanga kwa ola lathunthu, iyayi.

Wa masewera akhale wa nsalu youma msanga. Mutembenuzeni muwerenge kalebulo kosokeredwa m'mbali. Mukapeza mawu akuti nylon kapena polyamide, ndi chinthu chimodzi chomwecho. Polyester nayenso ndi wabwino. Pakhalenso elastane kapena spandex pang'ono, ndiye amene amapangitsa nsalu kutamuka n'kubwerera. Nsalu zimenezi sizimwa madzi ngati kotoni, zimangowapititsa kunja kuti aume. Koma kansalu kapakati, kokhudza malo obisika, kakhale kakotoni. Apa ndiye pamene sindilolera.

Si nayiloni aliyense ali bwino. Mapanti onyezimira aja, oterera, okhala ndi maluwa a leisi m'mphepete, asungireni tsiku lina. Leisi imakanda, ndipo nsalu yokhuthala yonyezimira imatsekera kutentha mkati. Kalebulo kakasowa, monga zimakhalira pamsika nthawi zambiri, ikani nsaluyo pakamwa muuzire. Mpweya ukamveka kuseri padzanja lanu, gulani. Ukabwerera, musiyeni.

Tsopano mzere uja. Umaoneka chifukwa cha msoko wokhuthala ndi lasitiki wothina m'mphepete mwa miyendo. Mankhwala ake ndi panti wopanda msoko, amene m'mphepete mwake anangodula osapinda, amagona fulati pakhungu. Kapangidwe kake ndiye kamadalira thupi lanu ndi masewera anu. Wanthawi zonse uja, wodutsa pakati pa thako, ndiye amaonetsa mzere kwambiri. Wokhala ngati kaboksa, wotsika pang'ono m'ntchafu, ndimamukonda kwa ife amene Mulungu anatipatsa thupi, chifukwa mzere wake umathera pansi pa thako ndipo amateteza ntchafu kuti zisakwechane. Mungoonetsetsa kuti miyendo yake siikwera m'mwamba mukamathamanga. G-string, ija ya kachingwe kokha kumbuyo, imabisa mzere kuposa onse, zimenezo sindingatsutse, ndipo amene anaizolowera aivale. Koma ine sindiilimbikitsa kuno. Kachingwe kaja kakanyowa kamasuntha kutsogolo ndi kumbuyo n'kumakwecha malo osalimba, ndipo ambiri a ife timapita kubwalo titapalasa njinga kapena titakwera kabaza. Yesani kukhala pachishalo kuchokera ku Miseu Folo kufika ku Ngabu mutavala imeneyo, simudzafunanso kufunsa munthu.

Ena amati bwanji osangovala leggings yokha. Zimatheka ngati ili ndi kansalu kake pakati ndipo mumaichapa nthawi iliyonse mukaivala. Zambiri zimene timagula pakaunjika zilibe, ndipo msoko wake umadutsa pakati penipeni. Ponena za kaunjika: leggings gulani kumeneko, zabwino zimapezeka, koma panti gulani watsopano.

Pa mtundu, ambiri amaganiza kuti woyera ndiye wobisika. Ayi. Pakhungu lathu lakuda, woyera ndi amene amawala kwambiri nsalu ikatamuka. Tengani wofanana ndi khungu lanu, wakhofi kapena wakuda. Musanatuluke pakhomo, valani zonse, imani panja powala, nyonyomalani mpaka pansi, mnzanu wapamtima akuoneni kumbuyo. M'chipinda chamdima zonse zimaoneka bwino. Dzuwa la ku Chikwawa ndi lomwe limaulula. Panti akaoneka ngakhale ali wakuda, vuto si iye, ndi leggings yopyapyala kapena yaing'ono. Mtundu wa leggings nawonso uli ndi nkhani yake: yotuwa ngati phulusa imaonetsa thukuta lonse, yakuda kapena yamawangamawanga imabisa. Chitenje chimene timamanga pamwamba podutsa pamsika ndi pamaso pa apongozi chimathandiza panjira pokha, pabwalo chimavulidwa.

Saizi musaikhulupirire chifukwa cha chilembo. XL wa mapanti ambiri ochokera ku China amakhala wamng'ono kusiyana ndi XL amene munazolowera. Mutambasuleni m'manja, muyerekeze ndi chiuno chanu, kenako mumusiye muone ngati lasitiki akubwerera msanga. Mukavula n'kupeza mzere wozama m'chiuno kapena m'mphechepeche, ndi wamng'ono ameneyo, ndipo wamng'ono ndiye amaonekanso kwambiri kunja chifukwa amadula thupi pawiri. Wamkulu naye amakwinyika n'kupanga mfundo.

Masiku a kumwezi musadzivutitse ndi za mzere. Valani panti wokwana bwino, wokhala ndi kansalu kapakati kotambalala kuti padi igwire, leggings yakuda, ndi siketi ya mpira pamwamba. Wopanda msoko woterera uja nthawi zina sagwira padi bwino. Sinthani padi musanayambe komanso mukangomaliza.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaposa kusankha konseku: mukamaliza, vulani. Ndimaona anzanga akuchoka pabwalo, kudzera kumsika kukagula matemba, kufika kunyumba kuyamba kusonkha moto, zovala zonyowa zikadali m'thupi mpaka masana. Malo ofunda ndi achinyezi ndi amene tizilombo ta Candida timachulukana, ndipo zotsatira zake ndi kuyabwa kumene ambiri timangokutcha mauka. Ikani panti wouma wakotoni m'chikwama. Ngati simungasambe nthawi yomweyo, dzipukuteni, musinthe. Posamba, madzi ndi sopo wamba kunja kokha zakwana. Musatsuke mkati ndi sopo kapena mankhwala onunkhira, ndipo musathire pauda m'panti. Pomwe ntchafu zimakwechana, pakani Vaseline pang'ono musanayambe.

Kuchapa kwake ndi kwa tsiku lomwelo, ndi madzi ozizira, pamanja. Madzi otentha ndi simbi zimapha lasitiki. Mijigo yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere amene sopo sachita nawo thovu msanga, ndiye timathira wambiri. Tsukuluzani kawiri katatu, chifukwa sopo wotsalira pansalu amayabwitsa. Ndikudziwa kuti timayanika mapanti kuseri kwa chitseko kapena pansi pa thaulo kuopa maso a anthu, koma kumeneko amauma mochedwa n'kuyamba fungo. Yanikani pachingwe panja, muphimbe ndi chitenje chopyapyala ngati mukuchita manyazi, ndipo muanule akangouma, asapsere padzuwa tsiku lonse. Pa udzu kapena pansi musayanike: ntchentche za mphutsi zimaikira mazira pa zovala zachinyezi, ndipo awa ndi mapanti oti simungawasite. Atatu kapena anayi osinthanitsa amakwanira munthu wochita masewera masiku angapo pa sabata.

Mukaona kuyabwa kosatha, kutentha pokodza, kapena ukazi woyera wokhuthala ngati chambiko, kusintha panti kokha sikungachize. Pitani kuchipatala cha boma ku Chikwawa, ku Ngabu, ku Nsanje, kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi, akakuoneni. Ngati ndi Candida, mankhwala ngati clotrimazole amathandiza m'masiku ochepa, koma pali matenda ena ofanana nawo ofuna mankhwala osiyana, ndiye musamangogula pagolosale. Mukadali pa mankhwala, pumani kaye ku leggings, muzivala siketi ndi panti wakotoni mpaka mutachira.