Vinyo wa Pakhomo: Malangizo kwa Oyamba Kumene Kuno ku Johannesburg

Ambiri mwa ife tinakula tikuona amayi athu akuphika thobwa ndi masese, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti vinyo amafulidwanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Thobwa amamwedwa patangopita masiku ochepa, motero ngakhale mpweya ndi tizilombo zitalowa mumphika sizipeza nthawi yowononga zambiri, pomwe vinyo amakhala m'chigubu kwa miyezi. Pa nthawi yonseyo adani ake ndi atatu: uve wa ziwiya, mpweya wolowa kuchokera kunja, ndi kuzizira kwa mzinda uno.

Yambani ndi malita 5 okha, kuti ngati zakanika musalire ndalama zambiri. Zipatso sizisowa kuno. Mphesa zochokera ku Western Cape, madera a Stellenbosch ndi Paarl, zimachuluka kuyambira Januwale mpaka Marichi, ndipo mango a ku Limpopo amafikanso nyengo ya dzinja yomweyo. Zonsezi mungazipeze pamtengo wabwino ku Joburg Market ku City Deep mukagula pabokosi. Komabe kwa woyamba kumene ine ndimalimbikitsa mabulosi. Mitengo yake ili mbwee m'mabwalo a nyumba zakale za mumzinda muno, imabereka mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo eni nyumba ambiri amangodandaula kuti zipatsozo zikudetsa pansi ndi zovala pachingwe. Amene mumagwira ntchito ya m'gadeni pemphani chilolezo, yalani pulasitiki yoyera pansi pa mtengo m'mamawa ndi kugwedeza nthambi. Zakupsa zokha n'zimene zidzagwe. Zimene zinagwa kale padothi zisiyeni, chifukwa zimakhala zitayamba kuwola.

Pa malita 5 pamafunika mabulosi olemera makilogalamu 2, shuga kilogalamu imodzi, madzi a mandimu awiri, ndi yisiti wa vinyo. Shuga asakhale wongoyerekeza ndi maso. Magalamu pafupifupi 17 a shuga mu lita imodzi amapereka ukali wa 1 peresenti, choncho kilogalamu imodzi mu malita 5, kuphatikizapo shuga wa m'zipatso momwemo, imabweretsa vinyo wa pakati pa 12 ndi 13 peresenti, wofanana ndi wa m'sitolo. Ena amathira shuga wowirikiza poganiza kuti vinyo adzakhala wamphamvu, koma yisiti amafa mowa ukafika pamlingo wina, ndipo chotsala chimakhala madzi a zotsekemera zosamweka. Yisiti wa buledi amagwira ndithu, koma amasiya fungo la mtanda ndipo sakhazikika bwino pansi. Kapaketi ka magalamu 5 ka yisiti wa vinyo kamagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zofulira mowa ndiponso pa intaneti, ndipo theka lake ndi lokwanira.

Nkhani ya ziwiya ndiyo ikufunika kuimvetsa bwino. Chidebe chikhale cha pulasitiki yosungira zakudya. Chimene munali penti, sopo kapena mankhwala musachigwiritse ntchito ngakhale mutachitsuka chotani. Poto wa aluminiyamu ndi ndowa yachitsulo nazonso n'zosayenera, popeza asidi wa m'zipatso amadya chitsulo ndi kuwononga kakomedwe. Kutsuka ndi sopo sikukwanira kupha tizilombo. Gulani mapiritsi a Campden, amene ndi mankhwala a metabisulphite, musungunule angapo m'madzi pang'ono n'kutsukuluza chidebe, chigubu, payipi, supuni ndi nsalu yosefera musanazigwiritse ntchito. Madzi a pampopi amene timalandira kuchokera ku Rand Water ndi abwino kumwa, koma muli klorini, motero awiritseni ndi kuwasiya azizire.

Finyani zipatsozo m'chidebe ndi manja osamba bwino, sungunulani shuga m'madzi otentha, muthire pamodzi ndi mandimu, ndipo onjezani madzi mpaka afike malita 5. Zikazizira, phwanyani piritsi limodzi la Campden, muthiremo ndi kuvundikira ndi nsalu. Dikirani maola 24 musanathire yisiti, chifukwa mankhwalawo amapha yisiti wam'tchire amene amabwera ndi zipatso, ndipo mukafulumira aphanso wanuyo. Tsiku lotsatira kapena linzake mudzaona thovu ndi zikhungwa za zipatso zitayandama pamwamba ngati chivundikiro. Zimizeni ndi supuni m'mawa ndi madzulo, chifukwa zikauma pamwamba zimachita nkhungu. Pakatha masiku 5 mpaka 7, sefani ndi nsalu, musafinye mwamphamvu kwambiri, n'kuthira m'chigubu chagalasi kapena cha madzi akumwa cha malita 5.

Kuyambira apa mpweya wakunja usalowenso, koma wa m'kati uyenera kupeza potulukira. Kachipangizo kotchedwa airlock n'kotsika mtengo, koma mukhoza kudzipangira. Boolani chitsekero cha chigubu, lowetsani payipi yopyapyala, mumate m'mbali mwake kuti pasapume, ndipo mbali inayo muiviike m'botolo la madzi. Mukaona timathovu tikutuluka m'madzimo, bu bu bu, dziwani kuti ntchito ikuyenda. Chigubu chidzaze mpaka m'khosi, popeza malo opanda kanthu ndiwo amasunga mpweya umene umasandutsa vinyo kukhala viniga, makamaka tintchentche tating'ono ta pazipatso tikapeza polowera. Kutseka chigubu kotheratu n'koopsa, chifukwa chimafufuma n'kuphulika.

Yisiti amagwira bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 25. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu. M'zipinda zathu za kuseri, za malata ndi simenti pansi, vinyo woyambidwa nyengo imeneyo amangoima osawira, mwiniwake n'kumaganiza kuti wapsa pomwe shuga adakali tho. Mabulosi ali ndi ubwino wakuti amapsa kukuyamba kufunda. Ngakhale zili choncho, chigubu musachiike pasimenti kapena padzuwa. Chikhale pathabwa, pakona yamdima, chofundidwa bulangeti usiku.

Timathovu timasiya pakatha milungu 4 mpaka 6. Pansi mudzaona nsenga zitakhazikika. Ikani chigubu patebulo, china chotsukidwa pansi, n'kukoka vinyo ndi payipi mosagwedeza nsengazo, kenako bwezeretsani chotulutsira mpweya ndi kudikiranso miyezi iwiri kuti ayere. Amene angakwanitse agule hydrometer, kagalasi koyezera shuga: pachiyambi kamawerenga cha m'ma 1.090, ndipo kakafika pa 0.995 n'kukhala pomwepo kwa masiku angapo, kuwira kwatha ndipo mukhoza kuthira m'mabotolo. Vinyo wothiridwa m'botolo asanamalize kuwira amaswa galasi, ndipo zidutswa zake zimavulaza. Mabotolowo akhale m'malo ozizira kwa miyezi ina itatu, chifukwa vinyo wongotha kumene amakhala wolasa pakhosi. Ngati mwasankha kugwiritsa ntchito juwisi wa m'sitolo m'malo mwa zipatso, werengani pachikutiro: mukaona potassium sorbate kapena sodium benzoate, musagule, popeza mankhwala amenewa amaletsa yisiti kuchulukana.

Amene tinali kuno mu 2020 tikukumbukira kuti boma litaletsa kugulitsa mowa pa nthawi ya Covid-19, mtengo wa nanazi unakwera chifukwa anthu ankafulula m'nyumba, ndipo kunamvekanso za anthu amene anamwalira atamwa mowa wopangidwa pakhomo. Vinyo wa zipatso, shuga ndi yisiti basi sapha munthu chotero. Ngozi imabwera wina akathiramo methylated spirit, sanitizer kapena mankhwala ena kuti akhale waukali, chifukwa methanol, poizoni wopezeka mu ena mwa mankhwala otere, amachititsa khungu ndi imfa ngakhale atamwedwa pang'ono. Musathiremo chilichonse chotere, ndiponso musayese kumutcheza kuti akhale kachasu. Kumbukiraninso kuti malamulo a mowa a chigawo cha Gauteng salola kugulitsa mowa popanda layisensi, ndipo kwa ife amene tili m'dziko la eni mlandu wotere ukhoza kusokoneza ngakhale mapepala okhalira. Vinyo ameneyu akhale wakumwa akuluakulu a pabanja panu ndi alendo anu, ndipo pa botolo lililonse lembanipo mwezi umene munathira ndi muyeso wa shuga umene munagwiritsa ntchito, kuti chaka chamawa mabulosi akadzapsanso mudzadziwe chofunika kusintha.